Shawa ya Bambo

"Shawa inafa, bambo anga akusambira m'ndowa mwezi wathunthu," anatero mayiyo polowetsa pulambala m'bafa.

Pulambala anatsegula mpopi, n'kukoka kachitsulo kokwezera madzi kushawa. Madzi anatsika bwinobwino.

Mayiyo atathamangira kukayankha foni, pulambala anatembenukira bambo ake okalambawo, amene anaima pakhomo. "Tandionetsani mmene mumakokera."

Bambowo anagwira kachitsuloko ndi dzanja lamanja. Zala zinanjenjemera, n'kuterereka. Anayesanso, koma sizinatheke.

"Dzanjali linayamba liti, bambo?"

"Mwanangayu akangodziwa, andichotsa m'nyumba mwanga muno kukandisunga kwake," ananong'ona. "Mungomuuza kuti kawonongeka."

Mayiyo atabwerako anafunsa, "Mwalipeza vuto?"

Pulambala anayang'ana m'bokosi la zipangizo zake kwa nthawi yaitali.

"Ndalipeza, mayi. Koma sipanala yake ndilibe."