Maina pa Timatumba ta Nthenga

Cynthia atamva njinga zikugwetsedwa pabwalo, anatsegula chitseko. Anthu a ku Mnkhanya anali atadzaza pakhomo pake, koma panalibe amene anati mwaswera bwanji.

Sabata yatha iye anayenda khomo ndi khomo kupempha nthenga za nkhuku, kuti akazipime ku yunivesite ngati zingapange matabwa a siling'i. Tsopano chitopa chinali chitapulula nkhuku m'makola onse.

"Tulutsa zimene unatenga," anatero a Cosmas, bambo amene nkhuku zawo fote zinafa m'masiku awiri.

"N'zasukulu chabe, atate. Timangozipima basi."

Cynthia anakokera katoni panja. Munali timatumba ta pulasitiki, kalikonse ndi nthenga zake ndi kapepala ka dzina la mwinikhomo, monga anamuphunzitsira ku yunivesite kuti zisasakanikirane.

A Cosmas anatola kamodzi n'kukayang'anitsitsa. Pa kapepalako panali dzina lawo.

"Nanga dzina langa walimangiranji pamodzi ndi nthenga, mwanawe?"

Kumbuyo kwa gululo, mayi wina anayamba kukoka ana ake kuti atalikire khomolo.