Chitsiru Chomwe Chinasoka Chigamba

Panali munthu wina, ndipo omwe amamudziwa amalumbira kuti izi zinachitikadi. Mkuluyu ankagwira ntchito ya makompyuta mu ofesi ina, koma mtima wake wonse unali ku gulu la anthu ongodzipereka omwe amasamalira nkhokwe yaikulu ya mapulogalamu aulere pa intaneti. M'nkhokwemo pulogalamu iliyonse ili ndi phukusi lake, kutanthauza malangizo ouza makina kokaitenga ndi mmene angaimangire. Eni pulogalamu akatulutsa yatsopano, wina amayenera kukonzanso phukusilo kuti anthu asatsalire ndi zakale.

Anzake ankamutcha Tsache, chifukwa akangoona chinthu chakale manja ankamuyabwa. Kwa zaka zisanu ndi zitatu anakhala akutumiza zokonza zake kuti ena aziunike kaye, uku akulakalaka kiyi, chilolezo choti aziika yekha zinthu m'nkhokwe. Tsiku lomwe analandira kiyiyo anauza aliyense, mpaka wometa tsitsi amene sankadziwa n'komwe kuti phukusi lake ndi la chiyani.

Amene anamupatsa anali mayi wina wamkulu pagululo, wotchedwa Mayi Dikirani chifukwa cha mawu omwe sankachoka pakamwa pawo. Anamuuza kuti miyezi itatu yoyamba ndi yomuyesa, ndipo akangophonya kiyi abwerera. Anamuuzanso kuti chilichonse m'nkhokwemo chili ndi mbiri yake yolembedwa, yonena amene anachiika ndi chifukwa chake, choncho asachotse kanthu asanawerenge mbiriyo. Tsache anavomera ndi pakamwa pokha.

Sabata yachiwiri anatenga phukusi loyendetsa mapulinta, makina osindikizira mapepala, kuti alikonze. M'katimo anapezamo chigamba, timizere khumi ndi tiwiri ta malangizo tomwe wina anasokerera kalekale pa pulogalamuyo. Tinali tolembedwa mokhotakhota, ndipo tinkakana kugwirizana ndi pulogalamu yatsopano. Kuti atikonze pankafunika tsiku lathunthu. Kutichotsa kunali kungodina batani.

"Dikirani kaye, werengani mbiri yake," anatero Mayi Dikirani.

Koma munthu wa kiyi m'thumba angadikire ndani? Anachotsa chigambacho, phukusi linamangika bwinobwino, iye n'kuliponya m'nkhokwe. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko, koma matama anamukwera, n'kulembera gulu lonse kuti: "Ndachotsa chigamba chonyansa. Amene anachisoka ndi chitsiru, ndipo asadzayandikirenso kompyuta."

Patapita masiku awiri, m'mawa, mkazi wake anamuimbira foni kuti athamangire kwa amayi. Apongozi akewo anali ndi kashopu kosindikiza mapepala, momwe munali pulinta yakale yaikulu ngati firiji. Kompyuta ya m'shopumo anaitchera ndi Tsache yemweyo kuti izilandira yokha chilichonse chatsopano cha m'nkhokwe. Sukulu ina inkatsekera mawa lake ndipo inkadikira masatifiketi a ana, koma pulinta inkangolavula mapepala oyera mbee.

Tsache anafika, anavula jekete, anatsegula pulintayo mpaka manja onse bii ndi inki. Kenako anaweruza kuti makinawo akalamba, akufunika kutaya.

"Apongozi," anatero mayiwo modekha, "pulinta imeneyi sinadwalepo chiikonzereni inu muja munkafunsira mwana wangayu."

Mawuwo anayamba kumukumbutsa Tsache kanthu kena, koma asanakumbukire bwinobwino foni yake inalira patebulo. Poti manja anali akuda, anapempha mkazi wake kuti amuwerengere. Unali uthenga wa Mayi Dikirani wopita ku gulu lonse. Anthu a mapulinta akale anali atayamba kudandaula m'mayiko angapo, ndiye mayiwo anangoika mauthenga awiri pamodzi. Pamwamba panali chipongwe cha Tsache chija, ndipo mkaziyo anachiwerenga mokweza. Pansi panali mbiri ya chigambacho, ya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo:

"Chonde musachotse. Popanda chigambachi pulinta ya amayi ake a chibwenzi changa imatulutsa mapepala oyera, ndipo anena kuti ndikalephera kuikonza ndisadzapondenso pakhomo pawo."

Mkaziyo anawerenganso dzina la wolemba, pang'onopang'ono. Linali la mwamuna wake. Chigambacho chinali chinthu choyamba chenicheni chomwe Tsache anatumiza m'nkhokwemo. Mzere womaliza wa uthengawo unkanena kuti kiyi wabwerera kwa eni ake, ndipo Mayi Dikirani abwezeretsa okha chigambacho akatha kuchiyesa.

Tsache anachita manyazi moti anafuna kulowa m'pulinta momwemo. Pofuna kudziombola, anati angathe kubwezera phukusi lakale pa kompyuta ya m'shopumo m'kanthawi kochepa, n'kuyamba kukoka mpando.

Apongozi anagwira mpandowo.

"Ayi bambo. Mwalamula nokha kuti wosoka chigambayo asadzayandikirenso kompyuta. Ife ndife ndani kuti titsutse munthu wophunzira?"

Anamupatsa sopo, kenako cholembera, kenako mulu wa makadi ndi mndandanda wa mayina a ana. Tsache anakhala pa kabenchi ka makasitomala n'kumalemba masatifiketi pamanja, dzina limodzilimodzi, mpaka zala kuuma. Chigamba cha Mayi Dikirani chinafika madzulo, iye atalemba kale oposa theka, ndipo apongozi anawasindikizanso onse chifukwa zolemba zake zinali zokhotakhota.

Pobwerera kunyumba anayesa kudandaula kuti anthu amukhaulitsa mopyola muyezo. Mkazi wake anamuyang'ana, n'kumupukuta inki yomwe inatsala pachipumi.

"Za kiyi ine sizikundikhudza, abambo," anatero. "Koma chitsiru mwachitukwanacho ndi chomwe ine ndinachikonda. Chinkadziwa kunena kuti chonde."

Phunziro: Usanachotse chomwe wachipeza, funsa kaye amene anachiika ndi chifukwa chake, ndipo usanatukwane wolemba, yamba waona dzina lili pansi. Tumizirani anzanu onse a manja oyabwa, makamaka omwe angolandira kumene kiyi.