Dzanja Lamanzere la Zondiwe

Nyali yofiira ya mu situdiyo itangoyaka, Thoko, woulutsa pulogalamu ya zamasewera, sanazungulire.

"A Mackford, nkhonya zophatikiza mateche za MMA mumazidziwa kuposa tonsefe. Loweruka mwana wanu Zondiwe akumenyana ndi katswiri wa ku Lusaka uja. Apambana ndani?"

A Mackford anali atawaonera kambirimbiri mavidiyo a mwana wawoyo: Zondiwe akamaponya theche, dzanja lamanzere limatsika, chibwano n'kukhala pambalambanda. Koma kwa milungu itatu mwanayo sankayankha foni yawo, ati amangomufooketsa. Tsopano Zondiweyo anali kuseri kwa galasi la situdiyoyo, kudikira nthawi yake yolankhula. Mzambiayo ndi aphunzitsi ake anali atafika kale pa hotela ku Area 11, ndipo wailesi ankamvera ndithu.

"Bambo, omvera akudikira," anatero Thoko.

"Akapitiriza kutsitsa dzanja lamanzere poponya theche," anayankha a Mackford, "raundi yachiwiri saimaliza."

Kuseri kwa galasi kuja, Zondiwe anawayang'ana bambo akewo osaphethira. Kenako anakunga chibakera chamanzere, n'kuchikweza pang'onopang'ono mpaka pachibwano.