Satifiketi ya a Yobe

"Makina sanama," anatero Raymond, mlangizi wochokera ku Lilongwe amene anakonza maphunziro a pafoni a kasankhidwe ka fodya. "M'kalabu yanu yonse ya kwa Wimbe kuno amene amaliza ndi a Yobe okha. Feteleza wa chaka chino ndi wawo."

Amayi khumi ndi awiri a m'kalabumo anangoyang'anana. Malita, mmodzi wa iwo, anaimirira.

"Achimwene, foni yotsegula zimenezo m'mudzi muno ndi imodzi. Tinkabwereka kwa a Yobewo, aliyense tsiku lake."

"Pulogalamu yathu imatsata malamulo a dziko lonse lapansi, mayi. Dzina limodzi, wophunzira mmodzi," anayankha Raymond, maso ali pa laputopu. "Si chigayo ichi choti aliyense azingothiramo chimanga chake. Bambo awa abwereza maphunzirowa kakhumi ndi kawiri. Khama lotere inu mulidziwira kuti?"

A Yobe, amene chigafa chawo cha fodya chinagwa zaka zitatu zapitazo osachidzutsanso, analandira satifiketi ndi manja awiri. Atakhala pansi anaitembenuzatembenuza, kenako anaweramira kwa Malita.

"Alamu," ananong'ona, "paja maphunziro ake anali a chiyani?"