Deti Yomwe Inakakamira Pakona

Panali munthu wina wa makompyuta mu ofesi ya zaumoyo. Anzake ankangomutcha Ndikonza, chifukwa chilichonse ukamuuza yankho linali lomwelo. Ntchito ankaidziwa ndithu, kungoti iye ndi mawa anali pachibale.

Iyeyu ndi amene anapanga dashibodi, tsamba la pa kompyuta losonyeza magazi otsala m'mafiriji a zipatala za m'deralo. Pamwamba analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MAGAZI OMWE ALIPO LERO. Pakona panali kabokosi kosankhira deti. Tsiku lokaonetsa mabwana anasankha deti pamanja n'kusunga tsambalo momwemo. Anamuombera m'manja, mutu unakula.

Mnzake wa desiki yoyandikana anaona vutolo.

"Aise, kabokosi aka ukakonze kazitenga kokha deti yatsopano. Ukakasiya chonchi kakakamira pomwepa."

"Ndikonza."

"Anthu sayang'ana pakona. Amangowerenga zazikuluzo."

"Ndanena kale kuti ndikonza."

Masabata anadutsa. A ku labu ankalowetsa ziwerengero zatsopano tsiku ndi tsiku, koma tsamba likatsegulidwa linkaonetsabe za tsiku lokaonetsa mabwana lija. Anamwino anali atazolowera kuimbirana foni, choncho palibe amene anadandaula.

Tsiku lina masana mlamu wake anamuimbira foni.

"Alamu, achemwali anu abereka mwana wamkazi kuno ku kiliniki, koma magazi sakuleka. Akuti tithamangire komwe kuli magazi a gulu lawo losowa lija. Mafoni a ku labu sakuyankhidwa. Tipite chipatala cha kumtunda kapena cha kumsika?"

Ndikonza anatsegula tsamba lake lija pa foni.

"Pitani cha kumtunda. Alipo."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikuwaona ndi maso angawa."

Kumtunda magazi aja anali atatha kalekale. Chipatala cha kumsika ndi chomwe chinalandira ena m'mawa womwewo. Pamene galimoto inkatembenuka kumtundako kuti ilowere kumsika, mlongo wa Ndikonza anali atasiya kuyankha. Anatsirizikira panjira.

Atamva, Ndikonza anatsegulanso tsambalo n'kuyang'ana pakona. Anaiona detiyo. Anaika foni m'thumba n'kumaliza tiyi yemwe anali pa desiki.

Pamaliro sanagwetse msozi. Ananyamula mipando, analandira alendo, anakatunga madzi. Anthu ankanong'onezana kuti mwamuna uyu ngolimba mtima. Sikunali kulimba. M'katimo munalibe chilichonse, ngati chidebe chobooka.

Atabwerako kumanda, mlamu wake anabwera kudzakhala pambali pake, khanda lili m'manja.

"Alamu, ndikuthokozeni. Tsiku lija ndinaimbira anthu ambiri, amene anandiyankha ndinu nokha. Munayesetsa. Nthawi yawo inangokwana basi."



"Ndaganiza kuti dzina la mwanayu mutche ndinu," anatero mlamuyo, n'kuika khanda lija pamiyendo pa Ndikonza.

Analilandira. Linali litagona.

Phunziro: Kantchito kakang'ono komwe anthu ena adzakadalira musamakaikire mawa. Ngati mumakonza matsamba a ziwerengero, deti izisintha yokha kutsata zatsopano. Ngati mumangowerenga, yang'anani kaye kuti n'za liti musanauze munthu kolowera. Mukawerenga musasunge nokha, tumizirani wina, makamaka mnzanu uja amati akonza.