Mundiike Pambali pa Mayi wa Ana Anga

Ndinabwerera ku situdiyo kutada kukatenga tchaja ya foni yanga. Pakhomo ndinapeza bambo wina wa jekete lalikulu, zithunzi ziwiri zili m'manja.

"Achimwene, mundiike pambali pa mayi wa ana angayu," anatero. "Pasaoneke polumikiza."

Anthu oterewa ndimawadziwa. Amathawa banja ana akukwawa, kenako n'kumafuna kuti kompyuta iwabwezere pakhomo. Ndinamuseka chamumtima, komabe ndinayatsa makina n'kulowetsamo zithunzizo.

Ndinamudula pa chithunzi chake n'kumukhazika pafupi ndi mayiyo, yemwe anali pa benchi ndi ana awiri. M'mphepete mwa jekete munatsala mzere woyera, ngati ladulidwa ndi lumo lobuntha. Ndinaufufuta pang'onopang'ono, n'kusalaza tsitsi, kenako ndinaika kamthunzi pamene mapewa awo anagundana. Ngakhale mayi ake omubereka akanalumbira kuti tsikulo analipo. Ntchito yabwino chonchi kuonongera munthu wachabechabe!

Nditachotsa dzanja pa mausi, pakati pa awiriwo panali mpata wokwana chala.

Ndinamusunthira pafupi n'kusalazanso. Mpata unabweranso. Bamboyo anali pomwe ndinamuika. Mayiyo ndi amene anali atasendera chakumapeto kwa benchi, mwana wamng'ono atamukokera pachifuwa.

"Bambo, chithunzi chanuchi chili ndi vuto," ndinatero.

Sindinamumve akuyandikira, koma mawu ake anamveka pakhutu panga penipeni, opanda ndi mpweya womwe.

"Pitirizani, achimwene. Benchi latsala pang'ono kumuthera."