Ukwati wa Nzimbe ya Lastri

"Mwakwatitsa nzimbe yanga, bambo? Kwa ndani?" Lastri anakalipa atalowa m'nyumba, nsapato osavula.

Bambo Kasmidi anapitiriza kumwa khofi wawo. "Kwa nzimbe inzake ya ku tawuni ya Kediri. Banja labwino ndithu."

Kuno fakitale ya shuga siyamba kugaya popanda ukwati. Amasankha nzimbe ziwiri zokongola, n'kuziveka ngati mkwati ndi mkwatibwi, kuzivinira, kenako kuziponya m'chigayo. Chaka chino akufakitale anati mkwatibwi achokere kwa a Kasmidi. Koma nzimbe zawo n'zoonda ngati miyendo yawo yomwe, ndiye anakalowa m'munda momwe mwana wawoyo amayesera mitundu yatsopano.

"Pa mitundu yonse ija, umenewu wokha ndiwo unapirira chilala," anatero Lastri. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti uchite maluwa, ndipeze mbewu. Phesi limodzi lokha ndilo linatulutsa duwa."

"Ndinadula lomwelo. Mkwatibwi wopanda duwa kumutu unamuona kuti?"

"Mwagayitsa ntchito yanga, bambo."

"Iwe wakana amuna atatu. Pakhomo pano pamafunika wina akwatiweko."

Mayi Tuminah, mayi ake a Lastri, anaphulika kuseka kukhitchini, kuiwala kuti kansalu ka mkwatibwiyo anasoka ndi iwo. A Kasmidi anawakumbutsa mokweza.

Pano Lastri sayankhula ndi bambo ake, sayankhulanso ndi mayi ake. Mayi Tuminah sayankhula ndi amuna awo chifukwa chowaulula. Amene akuwayankhulabe a Kasmidi ndi akufakitale okha. Akuti chaka chamawa abweretsenso mtundu womwewo.